Zeze wa ku Wales, kora ya ku Senegal: mmene achinyamata a ku Britain ndi Ireland akutenderera nyimbo za makolo awo

Mukalowa mu bala ina ya ku Glasgow kapena ku Galway usiku wa pakati pa sabata, mudzapeza ngodya imodzi yasiyidwira anthu asanu ndi atatu kapena khumi. Azungulira tebulo, mawondo akugundana. Palibe siteji, palibe maikolofoni, ndipo palibe amene akuyang'ana makasitomala. Wina wapanira vayolini kuchibwano, wina akukoka akodiyoni, wina ali ndi chitoliro chakuda chamtengo, ndipo pakona mnyamata waimika ng'oma yopyapyala pantchafu n'kumaikwapula ndi kamtengo kamodzi. Wa vayolini akayamba chuni, anzake safunsa kuti ndi nyimbo yanji. Amatchera khutu pang'ono, basi alowa. Amachibwereza katatu, ndipo kachitatuko kakamatha woyambitsa uja amatukula nsidze kapena kukuwa kuti “hup!”, onse n'kudumphira m'chuni china osapumira. Eni ake amati imeneyi ndi session. Alendo odzaona dziko amaijambula pa foni, n'kumakauza anzawo kwawo kuti aona za makedzana zenizeni.

Koma tayang'anitsitsani zomwe zili m'manja mwa anthuwo. Chija chonga gitala ya khosi lalitali ndi bouzouki, kwawo ndi ku Greece. Johnny Moynihan ndiye anayamba kuimbirapo nyimbo za ku Ireland m'zaka za m'ma 1960, dzulodzuloli. Akodiyoni inalembetsedwa koyamba ku Vienna mu 1829. Vayolini inabadwira ku Italy. Banjo ndiye yayenda mtunda kuposa zonse. Makolo ake ndi zoimbira za kumadzulo kwa Africa, monga akonting ya anthu a mtundu wa Jola ku Senegal ndi Gambia. Akapolo anaiumbanso ku Caribbean ndi ku America, ndipo pofika ku Dublin inali itavala zitsulo.

Ndiye mukamva kuti achinyamata a ku England, Scotland, Ireland ndi Wales akusakaniza nyimbo za makolo awo ndi za ku India, Senegal, Bulgaria kapena Cuba, musaganize kuti aswa mphika umene unali wamphumphu. Mphikawo wakhala ukulandira za alendo kuyambira kale. Funso lokoma ndi lina: bwanji kusakaniza kwina kumagwirana ngati nsinjiro zotendera nkhwani, pomwe kwina kumangoyandama ngati mafuta othira ndiwo zitapsa kale?

Amene anamanga mpanda

Tiyambe talongosola maina. Liwu loti Celtic kwenikweni ndi la ziyankhulo. Zilipo zisanu ndi chimodzi: Irish, Gaelic ya ku Scotland, Manx ya pachilumba cha Man, Welsh, Cornish, ndi Breton ya ku Brittany m'dziko la France. Chingerezi sichili m'banjali, ndipo mukauza munthu wa pachilumba cha Skye ku Scotland kuti nyimbo zake ndi za Angerezi, mudzaona nkhope ikusintha. Nyimbo za makolo za ku England zili ndi mbiri yake: nyimbo zazitali zosimba nthano, nyimbo za amalinyero pokoka zingwe, ndi gule wa morris amene ovina amamanga timabelu m'miyendo n'kumagwedeza mipango yoyera kapena kumenyanitsa ndodo. Chifukwa anthu a m'zilumbazi akhala akukwatirana, kulandana malo ndi kutsatana ku ntchito kwa zaka mazana, nyimbo imodzi imapezeka m'maiko atatu itasintha dzina, ndipo aliyense amalumbira kuti ndi ya agogo ake.

Zoti nyimbozi ndi zoyera, zosakhudzidwa ndi mlendo, zinabwera ndi anthu ophunzira a m'tauni. Mu 1903 mphunzitsi wa nyimbo wa ku London, Cecil Sharp, ali m'mudzi wa Hambridge ku Somerset, anamva wosamalira maluwa dzina lake John England akuimba nyimbo yakale pogwira ntchito. Anailemba m'kabuku, ndipo kuyambira pamenepo anayenda m'midzi n'kutolera nyimbo ndi machuni pafupifupi 5,000, kuphatikizapo zomwe anakalemba kumapiri a Appalachia ku America pakati pa 1916 ndi 1918. Popanda iye zambiri zikanapita kumanda ndi eni ake, apo tisamunamizire. Koma Sharp ankasankha. Nyimbo za m'maholo a zisudzo zomwe anthu omwewo ankazikonda sanazione ngati kanthu. Mawu olaula ankatsukidwa kaye asanalowe m'mabuku a ana a sukulu, ndipo nyimbo yomwe mwini wake ankaimba pakamwa pokha inaikiridwa piyano. Ku Appalachia sanalabadire kwenikweni oimba akuda. Mudzi umene unatuluka m'mabuku ake unali waukhondo kuposa mudzi uliwonse umene munakhalapo anthu.

Itatha nkhondo yachiwiri kunabwera m'badwo wina, wa Ewan MacColl ndi A. L. Lloyd, umene unatsegula timakalabu toimbiramo m'zipinda zam'mwamba mwa mabala. Kalabu ya MacColl ku London inafika pokhazikitsa lamulo: aliyense aimbe nyimbo za kwawo, m'chiyankhulo chake. Cholinga chinali chabwino, ankatopa ndi ana a ku London otsanzira mawu a ku Mississippi. Koma mpanda ukangomangidwa, wodumpha sasowa.

Wodumpha woyamba wotchuka anali Davey Graham, mwana wa bambo wa ku Skye ndi mayi wa ku Guyana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anapita ku Morocco, namva oimba oud, choimbira cha zingwe cha Aluya, ndipo pofuna kutsatana nawo anamasula zingwe zitatu za gitala yake n'kuzichuna mwatsopano. Kachunidwe kameneko kamatchedwa DADGAD, potengera manoti a zingwe zisanu ndi imodzizo. Lero mwana wophunzira kuperekeza nyimbo za ku Ireland pa gitala kawirikawiri amayamba ndi DADGAD, osadziwa kuti fungo lake ndi la ku Morocco. Chakumapeto kwa zaka zomwezo Andy Irvine anakakhala miyezi yambiri ku Balkans, nabwerako ndi magule a ku Bulgaria ndi Romania m'zala, n'kuwalowetsa m'gulu la Planxty lomwe linayamba mu 1972. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kuno ena anachita kukalondola kalumoko kwa mwini wake.

Pomwe zimagwirana, ndi pomwe zimakanirira

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye tidekhepo.

Ife amene tinakulira m'kwaya tinazolowera nyimbo za mawu anayi, sopulano, alito, tenala ndi besi, onse akusuntha limodzi kuchoka pa kodi ina kupita pa ina, n'kudzatera pa do. Nyimbo zambiri zakale za m'zilumbazi sizinamangidwe choncho. Taonani bagpipes, zitoliro zija za thumba lachikopa. Chitoliro chimodzi chokha ndiye chili ndi mabowo a zala. Zinazo zimangong'ung'udza liwu limodzi losasintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati njuchi m'mphako. Chuni chimayenda pamwamba pa liwu limenelo, kulithawa, kulikhula, kenako kubwerera kudzagona pa ilo. Tsono pitani ku India. Kumbuyo kwa woimba sitar kapena sarangi kumakhala munthu akukodola zingwe za tanpura, ndipo ntchito yake ndi yomweyo, kugwira liwu limodzi kuti mnzake akhale ndi poponda. Ku Bulgaria kuli gaida, thumba la chikopa cha mbuzi long'ung'udza chimodzimodzi. Anthu atatuwa akakumana sasowa poyambira. N'chifukwa chake kabokosi ka ku India kotchedwa shruti, kopopa ndi dzanja limodzi n'kumatulutsa liwu losasintha, kafala pakati pa oimba a ku England ndi Ireland, moti wina akhoza kuyesa kuti n'ka kwawo konko. Sam Lee, amene anaphunzira nyimbo kwa Stanley Robertson wa mtundu wa anthu oyendayenda wotchedwa Traveller ku Scotland, ndi mmodzi mwa amene anakatchukitsa.

China ndi poterera nyimbo. Yesani kuimba do re mi koma muyambire pa re n'kuthera pa re, kapena muyambire pa so n'kuthera pa so. Mumva ngati nyimbo yaima ndi mwendo umodzi, yosasangalala koma yosaliranso. Machuni ambiri akale a ku England, Scotland ndi Ireland amakhala m'nyumba zimenezo. Ena, makamaka a Gaelic, amadumpha fa ndi ti n'kutsala ndi manoti asanu okha, monga zimachitira nyimbo zambiri za ku Ethiopia, ku China ndi kumwera kwa Mali. Manoti akachepa, pogundana pamachepanso.

Kenako kagundidwe. Gule wotchedwa jig amawerengedwa zitatuzitatu: wani-thu-fili, folo-faifi-sikisi. Wotchedwa reel amathamanga zinayizinayi. Ng'oma zambiri za kumadzulo kwa Africa, ngakhalenso zathu zina, zimazungulira pa kugunda 12, komwe khutu likhoza kukumva ngati magulu anayi a zitatu kapena magulu atatu a zinayi, zonse nthawi imodzi. Jig imakhala bwino pa bwalo limeneli, ndipo apa ndi pamene anagwira Simon Emmerson. Mu 1991 ali ku Senegal kujambula chimbale cha Baaba Maal, anamva nyimbo ina imene inamukumbutsa za ku Ireland. Maganizo amenewo anabala gulu la Afro Celt Sound System mu 1995, ku situdiyo ya Real World ya Peter Gabriel, momwe munakumana kora (zeze wa kumadzulo kwa Africa), ng'oma yolankhula, zitoliro za thumba za ku Ireland zotchedwa uilleann, mawu a Iarla Ó Lionáird oimba mu Irish, ndi makina a m'madisiko.

Koma kukwanirana masamu sikuti mwagwirizana. Woimba wa ku Ireland amaponda phazi pa kugunda koyamba, koma chuni chake chimakoma chifukwa cha kakunyamuka kena kamene kali pakati pa kugundako, kamene kamakweza wovina m'mwamba. Woimba ng'oma akabwera ndi dzanja lolemera n'kumakhomerera pa wani paliponse, kakunyamuka kaja kamafa, ndipo reel imasanduka perete wa asilikali. Mbali inayo, ng'oma zomwe kwawo zimayankhulana, ina kufunsa ina kuyankha, zikangopatsidwa ntchito yosunga nthawi kumbuyo kwa vayolini zimakhala ngati mfumu yatumidwa kukatunga madzi. Zimbale zambiri za m'zaka za m'ma 1990 zinagwa m'dzenje limeneli: djembe pansi, chitoliro pamwamba, pakati palibe chikuchitika.

Tabla, ng'oma ya ku India, ili ndi msampha wakewake, wokoma kuufotokoza. Bwalo lake lodziwika kwambiri, teental, lili ndi kugunda 16. Gawo limodzi la reel lili ndi mabala 8 (tizigawo tofanana ta nyimbo), ndipo mukaponda kawiri pa bala iliyonse mupeza 16 yemweyo. Zakwanirana ndendende. Vuto ndi pothera. Wa reel amamaliza chiganizo chake pa bala yomaliza n'kupuma. Wa tabla chiganizo chake chonse chimathamangira kukatera pa kugunda koyamba kwa bwalo lotsatira, kumene amakutcha sam. Wina akamati tafika, mnzake akuti tatsala phazi limodzi. Magulu amene anakhala pansi n'kukambirana za phazi limodzi limeneli amamveka kutali.

Za ku Bulgaria ndiye zimapusitsa miyendo. Gule wa rachenitsa ali ndi kugunda 7, kogawidwa 2-2-3, ndipo kopanitsa ali ndi 11, kogawidwa 2-2-3-2-2. Amamveka ngati munthu wotsimphina dala, ndipo achinyamata a ku Glasgow ndi Limerick amawakonda chifukwa amaonetsa amene ali katswiri. Nthawi zina, kunena zoona, amangoonetsa amene amadziwa kuwerenga.

Chovuta kuposa zonse ndi kachunidwe. Bagpipes zikuluzikulu za kumapiri a Scotland zili ndi manoti 9 okha, ndipo liwu lake lili pamwamba pang'ono pa B flat ya piyano, moti sizikhala bwino ndi choimbira china chilichonse popanda kukakamiza. Mwa zina, n'chifukwa chake achinyamata ambiri anatembenukira ku smallpipes, zitoliro zazing'ono zofatsa zopopa ndi mvukuto wa m'khwapa, zomwe zinatsitsimutsidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndipo zimachunidwa mogwirizana ndi vayolini. Akodiyoni manoti ake anakhomedwa kufakitale, sasuntha. Sarangi imatsetsereka pakati pa noti ndi noti, ndipo kukoma kwake kuli m'kutsetserekako. Nyimbo za Aluya zili ndi manoti okhala pakati pa makiyi awiri oyandikana a piyano. Zoimbira izi zikakumana, wina ayenera kugonja. Mukamvetsera bwino zimbale zambiri, mudzaona kuti wogonja kawirikawiri ndi mlendo.

Kumene anawa akuchokera

M'badwo wa Graham ndi Irvine unkachita kukwera sitima kukasaka nyimbo. Wa lero unakulira m'sukulu zake. Ku Ireland bungwe la Comhaltas Ceoltóirí Éireann lakhala likuphunzitsa ana ndi kuchititsa mipikisano kuyambira 1951. Ku Scotland misonkhano yophunzitsa ana nyimbo za Gaelic, yotchedwa fèis, inayambira pachilumba cha Barra mu 1981 n'kufalikira dziko lonse. Yunivesite ya Limerick inatsegula malo ophunzirira nyimbo za makolo ndi za maiko ena pansi pa denga limodzi mu 1994, motsogozedwa ndi Mícheál Ó Súilleabháin. Ku Glasgow digiri ya nyimbo za makolo inayamba mu 1996, ku Newcastle mu 2001, ndipo England inakhazikitsa National Youth Folk Ensemble mu 2016. Mwana wotuluka m'malo amenewa ali ndi machuni mazana m'mutu, amawerenga manoti, amadziwa kujambula nyimbo pa laputopu, ndipo mnzake wogona naye chipinda chimodzi mwina amaphunzira jazi kapena tabla.

Palinso misasa ya Ethno, imene inayambira ku Falun m'dziko la Sweden mu 1990 ndipo tsopano imachitika m'maiko ambiri, ku England komweko, ngakhalenso kuno ku Malawi kudzera ku Music Crossroads. Kachitidwe kake n'kosavuta. Achinyamata a maiko osiyanasiyana amagona malo amodzi kwa masiku angapo, ndipo aliyense amaphunzitsa anzake nyimbo ya kwawo, popanda pepala. Amaimba kachidutswa, gulu libwereza. Akalakwitsa abwerezanso, mwina kakhumi, mpaka wa ku Estonia atchule bwino mawu a Chiswahili ndipo wa ku India apeze pomwe jig imanyamukira. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ambiri mwa magulu osakaniza a masiku ano anayambira pa ubwenzi wa m'misasa yotere.

Chachikulu china n'chakuti maiko enawo anasamukira pakhomo. Mwana wa ku Birmingham, Leicester kapena Bradford safunika pasipoti kuti amve ng'oma ya dhol ya ku Punjab. Imalira paukwati wa aneba. Reggae anaimva ali kumsana. Ireland, dziko lomwe kwa zaka zoposa zana linkangotumiza ana ake kunja, pa kalembera wa 2022 linapeza kuti munthu mmodzi mwa asanu aliwonse okhala m'dzikomo anabadwira kwina. Kwa ana otere, kuika tabla pambali pa banjo, monga limachitira gulu la Mishra la ku Sheffield, si ulendo wa kutali. Ndi phokoso la mumsewu wa kwawo.

Mwa onse, amene ine ndimamuona kuti anatendera bwino ndi Brìghde Chaimbeul wa ku Sleat pachilumba cha Skye, amene anakula akuyankhula Gaelic. Anapambana BBC Radio 2 Young Folk Award mu 2016 asanakwanitse zaka 20. Anaphunzirako kwa oimba gaida a ku Bulgaria, ndipo pa chimbale chake choyamba, The Reeling cha mu 2019, chojambulidwa m'tchalitchi chakale ku Cromarty, machuni a ku Bulgaria akhala pakati pa a Gaelic popanda kulengeza. Mukapanda kuwerenga maina a nyimbo, simudziwa msanga kuti mwadutsa malire. Sanabwereke chovala cha mlendo, anapeza chimene zitoliro ziwirizo zinali nacho kale chofanana, liwu long'ung'udza lija, n'kukhala pamenepo. Chimbale chake cha mu 2023 anachita ndi Colin Stetson woimba saxophone, ndipo njira ndi yomweyo.

Asanabwere iye kunali Martyn Bennett, amene pa chimbale cha Grit mu 2003 anatenga mawu akale a oimba a Gaelic ndi a Traveller n'kuwakhazika pa mabesi ogwedeza makoma. Anamwalira ndi khansa mu 2005 ali ndi zaka 33, koma patatha zaka khumi chimbalecho chinaimbidwa ndi okhestra yathunthu potsegulira Celtic Connections, chikondwerero chimene chimadzaza Glasgow mwezi wa January chaka chilichonse kuyambira 1994.

Ku Wales nkhani yokoma ndi ya azeze awiri. Mu 2012 Catrin Finch, woimba zeze wamkulu wa zingwe 47, ankayembekezera Toumani Diabaté wa ku Mali kuti akonzekere ulendo woimba limodzi. Asilikali analanda boma ku Bamako, Diabaté anachedwa, ndipo Seckou Keita, wa ku Casamance ku Senegal koma wokhala ku England, anaitanidwa kudzagwirizira pokonzekerapo. Kugwirizirako kunabala chimbale cha Clychau Dibon mu 2013. Finch anakulira pa manoti olembedwa, Keita anakulira m'banja la oimba mbiri ya mafumu, komwe zonse zimasungidwa m'mutu. Kora yake ili ndi zingwe 22, imodzi kuposa kora wamba. Akamaimba pamodzi pamafika pena posadziwika kuti chala ichi n'cha ndani. Chimbale chawo chachiwiri, SOAR cha mu 2018, anachimanga pa mbalame yodya nsomba yotchedwa osprey, imene imaswera ku Wales n'kukathera nyengo yozizira kumadzulo kwa Africa, yopanda viza.

Ena akukumba mbali ina, kufunsa kuti kodi anthu akuda anali kuti m'nyimbo zimenezi nthawi yonseyi. Angeline Morrison, wa mayi wa ku Jamaica ndi bambo wa kuzilumba za Hebrides ku Scotland, atasowa nyimbo zakale zosimba za anthu akuda a ku Britain, anapeka zake m'kaimbidwe kakaleko n'kutulutsa The Sorrow Songs mu 2022. Cohen Braithwaite-Kilcoyne wa ku Birmingham, woimba concertina (kaakodiyoni kakang'ono), amatola nyimbo za ku Britain zomwe zinawoloka nyanja n'kukasinthidwa m'kamwa mwa anthu a ku Caribbean, n'kuzibweretsanso kwawo zitasintha mayendedwe. Apa sungathenso kuloza kuti kwawo ndi uku, kwa alendo ndi uku.

Mikangano

Odandaula alipo mbali zonse, ndipo si onse ongokakamira zakale. Ku Ireland, chionetsero cha gule cha Riverdance chitagwedeza dziko mu 1994 ndipo pulogalamu ya pa TV ya A River of Sound itaonetsedwa mu 1995, woimba akodiyoni Tony MacMahon anatsutsa poyera njira imene nyimbo zinkalowera. Nkhawa ya anthu ngati iye ndi yomveka. Kaimbidwe ka vayolini ka ku Donegal n'kosiyana ndi ka ku Clare, ndipo ka ku Clare n'kosiyana ndi ka ku Sliabh Luachra, monga Chichewa cha ku Kasungu chimasiyanirana ndi cha ku Mulanje. Ana onse akaphunzira kwa aphunzitsi amodzimodzi, n'kumathamangitsa chuni kuti chikwanire pa ng'oma za bandi, timakomedwe ta m'madera timasalala n'kutha. Imfa yotere siimveka, chifukwa holo imakhala yodzaza ndipo anthu akuwomba m'manja.

Ku England mkangano unalowa ndale. Chipani cha BNP, chodana ndi obwera, chinayesa kutenga nyimbo za makolo ngati chuma cha azungu okhaokha, ndipo mu 2009 oimba anayambitsa Folk Against Fascism pokana zimenezo. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake Simon Emmerson yemwe uja anali atasonkhanitsa The Imagined Village: Martin Carthy ndi mwana wake Eliza, Billy Bragg, Sheema Mukherjee pa sitar, Johnny Kalsi pa dhol, ndi mlakatuli Benjamin Zephaniah amene anasimbanso nthano yakale ya Tam Lin ngati nkhani ya munthu wofuna chitetezo m'dziko la eni. Mu 2020 mabungwe a gule wa morris anagwirizana zosiya kudzipaka nkhope yonse utoto wakuda. Kwa achinyamata ambiri a kumeneko, kuitana mnzawo wa sitar pa siteji ndi njira yonenera kuti England wawo ndi uti.

Koma mtima wabwino sulipira lendi. Dzina lenilenilo loti world music linasankhidwa mu 1987 pa msonkhano wa amalonda a zimbale mu bala ya Empress of Russia ku London, pofuna kupeza shelefu yoikapo nyimbo zonse zosakhala za Azungu a kumadzulo. Shelefu imodzi: Mali, Bulgaria, Pakistan, ife tonse. Linathandiza kugulitsa, koma linaikanso anthu ena pakati, ena m'mphepete, ndipo mu 2020 a Grammy analichotsa pa mphotho yawo n'kuikapo liwu loti global. Kusintha dzina sikusintha kayendedwe ka ndalama. Nyimbo ya makolo ilibe mwini pa malamulo a kukopera, ndiye pachikuto amalemba kuti “trad. arr.”, kutanthauza nyimbo ya makolo yokonzedwanso, n'kutsatira dzina la amene waikonza, ndipo ndalama za pa wailesi zimapita kwa wokonzayo. Gogo amene anaiimba pa tepi sapezapo kanthu, kaya ndi wa ku Barra kaya ndi wa ku Bamako. Ndiye pali chipata cha viza. Mu 2018 oimba angapo oitanidwa ku chikondwerero cha WOMAD, chimene Peter Gabriel ndi anzake anachiyambitsa mu 1982, analephera kufika chifukwa cha mavuto a viza, mmodzi mwa iwo Wazimbo wa ku Mozambique. Mnyamata wa ku Newcastle akhoza kunyamula vayolini n'kukakhala mwezi ku Dakar. Mnzake wa ku Dakar kuti abwezere ulendowo ayenera kuonetsa za kubanki ndi makalata oitanidwa, kulipira ndalama zosabwezedwa, n'kudikira. Mukamaonera gulu losakaniza, muziwerengako maina pa positala: ndani walembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndani wangotchedwa mlendo wapadera.

Ife za kusakanizaku si zachilendo kwa ife. Banjo yomwe ija inafikanso kuno, anyamata n'kuipanganso ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya a buleki ya njinga. Ndipo akazi a ku Hebrides, pofewetsa nsalu yaubweya, ankakhala mozungulira thabwa n'kumaimenyetsa pansi mogwirizana, mmodzi akutsogolera nyimbo ena akuvomera, mawu ake okhudza zibwenzi, maliro ndi miseche ya m'mudzi. Aliyense amene anamvapo nyimbo za pamtondo sangafunse kuti zimenezo n'zotani.

Koma chitsanzo chimene chimandikhalira m'mutu ndi kachitoliro kachitsulo ka mabowo asanu ndi limodzi. Robert Clarke anayamba kupanga totere tambirimbiri ku England m'zaka za m'ma 1840, totsika mtengo, ndipo ku Ireland ndi kamene mwana amayambira asanagwire choimbira china. Kachitoliro ka mtundu womwewo kanafika m'misewu ya Johannesburg, anyamata n'kupangira kwela, ndipo mu 1958 nyimbo ya kwela ya Tom Hark inakwera mpaka pa nambala 2 pa tchati cha ku Britain komweko. Kwela inakwera kumpoto n'kudzakhazikika ku Chileka, m'manja mwa Daniel ndi Donald Kachamba. Mabowo ndi omwewo, zala ndi zomwezo. Koma wa ku Ireland amagwira kachitoliroko ndi milomo, molunjika, n'kumakongoletsa chuni ndi timikwapulo ta zala. Wa kwela amakalowetsa m'kamwa ndithu, mopendekera kutsaya, kuti liwu likule, linenepe, ndi kuti athe kulipinda. Mutapereka chitoliro cha Donald Kachamba kwa katswiri wa ku Clare, manoti onse awapeza pa mphindi imodzi. Liwu lija ndiye sangalitulutse, mpaka wina atakhala naye pansi n'kumuonetsa pomwe chitsulocho chimagona m'kamwa.